Beta wa a Koloko

"Chonga m'bokosi lam'mwambali," anatero a Koloko, akuloza fomuyo ndi kasikuludiraiva kawo kowonda ngati singano. "Ukudikira chiyani? Kuti inki iume?"

Kamphindi anagwira cholembera koma sanalembe. Fomuyo inali pa tebulo lokonzera mawotchi, pakati pa kambale ka timabatire ndi galasi la diso limodzi limene bambo ake ankavala pogwira ntchito. Inali ndi mabokosi awiri okha. Lam'mwamba linali la wophunzira wofuna kuti mayeso ake achongedwenso. Lam'munsi linali la wovomera kuti walephera ndipo akupempha kulembanso. Kusankha onse awiri sankalola. Wosankha lam'mwamba, malikisi akapanda kusintha, mwayi wolembanso unkamudutsa, malo ake ku koleji n'kuthera pomwepo. Tsiku lomaliza lopereka fomuyo linali lomwelo, Lachisanu, folo koloko madzulo.

"Bambo, bwanji ndingolembanso? Ndi masabata atatu okha okonzekera."

"Kulembanso n'kuvomera kuti unalakwa. Unalakwa?"

"Sindikudziwa."

"Ine ndikudziwa. Funso linali lolakwika, iwe unaliona, unawauza. Mwana woona cholakwa cha aphunzitsi ake amamupatsa mphoto, samulepheretsa ndi malikisi anayi."

Mayi ake a Kamphindi anali ataima pakhomo lolowera kuseri, atakumbatira zovala zoti asite. Shopuyo inali chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo, choncho nkhani za ntchito ndi za banja zinkadutsa khomo limodzi.

"Bambo a Kamphindi, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Musiyeni mwana asankhe yekha."

"Ndamugwira dzanja ngati?"

"Dzanja ayi. Mwamugwira ndi maso."

Kamphindi anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana bambo ake. Pa zaka zake makumi awiri anali asanawakanirepo chinthu pamaso. Anachonga bokosi lam'mwamba, n'kusaina, n'kulowa kuseri. Ankatsimphinabe pang'ono mwendo wakumanzere.

Dzina lakuti Koloko anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa munthu akawafunsa nthawi sankangoyankha, ankayamba ndi kumufunsa kuti pa wotchi ya ndani. Iwo anali munthu wabwino, wa manja odekha, koma wamakani ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Ali mnyamata anaphunzira fizikisi chaka chimodzi ku koleji. Bambo awo atamwalira, anasiya sukulu n'kubwera kudzagwira shopu. Chimene anabwera nacho chinali chimodzi: pepala la masamba makumi atatu, lojambulidwa pa makina, limene mphunzitsi wina wokalamba anawapatsa potsanzikana. Linali lomasuliridwa kuchokera ku zimene analemba mwini wake wa nzeru ija amaitcha relativiti, zaka zoposa zana zapitazo. Nkhani yake, mwachidule, ndi yakuti wotchi imene ikuthamanga kwambiri imatsalira poiyerekeza ndi imene yangokhala. Kwa munthu wokonza mawotchi, limeneli silinali pepala wamba. Analiwerenga zaka makumi atatu. M'mphepete mwake munali modzaza ndi pensulo yawo, ndipo m'makona munali zidindo za zala zamafuta.

Mwana wawo wamkazi atabadwa wochepa thupi, anamutcha Kamphindi. Atakula n'kusankha fizikisi, a Koloko anayenda msewu wonse akuuza aliyense, ngakhale amene anangobwera kudzasinthitsa lamba wa wotchi.

Vuto linayamba m'chaka chachiwiri. Njinga yamoto inamugunda Kamphindi pokwerera basi, mwendo n'kuthyoka pawiri. Anakhala masabata asanu ndi limodzi kunyumba ali ndi chikhakha, ndipo masabata amenewo ndi omwe anzake ankaphunzira relativiti. Mnzake wina anamubweretsera buku la m'kalasi, lalikulu, lachikuto chobiriwira. A Koloko analitsegula pakati, anaona zithunzi zamitundumitundu ndi timabokosi ta mayankho, n'kulitseka.

"Izi ndi zotafunidwa kale," anatero tsiku limenelo. "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Iwe udzamva kwa mwini wake."

Anakwera pa mpando n'kuliika bukulo pamwamba pa kabati ya mawotchi osatengedwa, akuseka kuti wachikhakha alifikire ngati angathe. Kamphindi nayenso anaseka. Kuyambira pamenepo, masana aliwonse makasitomala akachepa, ankakhala awiriwiri pa tebulo lija, mwendo wachikhakha uli pa pilo, akuwerenga pepala lakalelo mzere ndi mzere. A Koloko ankatenga mawotchi awiri, ina kuika uku, ina uko, n'kumufunsa kuti angadziwe bwanji kuti akugwirizana. Amenewo anali masabata okoma kuposa ena onse amene iwo ankakumbukira. Chikhakha chitachoka kunali kutatsala masiku khumi kuti mayeso ayambe, ndipo bukulo palibe analitchulanso.

Tsopano anapinda fomuyo bwinobwino n'kuiika mu envelopu limodzi ndi pepala lawo lakalelo. Anavala jekete limene ankavala pa maukwati.

"Pepalalo mukukatani nalo?" anafunsa akazi awo.

"Umboni."

"Tsobola wakale sawawa, bambo inu."

"Masamu si tsobola."

"Chabwino. Koma mukafika kumeneko mukayambe ndi moni, osati ndi masamu."

Basi inawatsitsa pa geti la koleji itangodutsa leveni koloko. Anafunsa ofesi yolandirira mafomu, anaipeza, anaona mzere wa ana a sukulu, koma sanaime pamzerepo. Mtima sunawalole kungoponya fomu m'bokosi ngati kalata. Ankafuna kuti munthu amene anachonga mayesowo aone ndi maso ake pamene analakwitsa. Anakwera masitepe mpaka m'mwamba, n'kugogoda pa chitseko cha aphunzitsi a phunzirolo.

Anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wa maso otopa, atazunguliridwa ndi milu ya mapepala a mayeso. Pakhoma kumbuyo kwawo panali wotchi yakufa, mivi yake itaima pa thu koloko. A Koloko anaiona asanaone mwini ofesiyo, ndipo zala zinawayabwa.

"Ndine bambo ake a mtsikana uja anathyoka mwendo."

"Khalani pansi, bambo. Ali bwanji mwendowo?"

"Mwendo uli bwino. Chimene chathyoka ndi chilungamo."

Aphunzitsiwo anavula magalasi, anawapukuta, n'kuvalanso. Ankaoneka kuti makolo amtunduwu anawaonapo ambiri. Anatsegula dirowa, anafufuza pang'ono, n'kutulutsa mapepala amene Kamphindi analembapo mayeso.

"Mwachizolowezi sindionetsa makolo. Koma awa ndinawaika padera, chifukwa anandisowetsa mtendere. Onani funso lachinayi."

A Koloko anaweramira. Funsolo linkati chombo chikuuluka, ndipo beta wake ndi 0.6. Ngati padziko papita zaka khumi, pa wotchi ya m'chombomo papita zaka zingati? Pansi pake panali mafunso ena atatu otsamira pa yankho lomwelo. Onse pamodzi anali malikisi makumi atatu. Beta ndi chilembo chachigiriki, chokhala ngati B wokhala ndi mchira, ndipo a Koloko ankachidziwa ngati nkhope ya m'bale wawo.

Kenako anaona zolemba za mwana wawo, zozungulira bwino ngati za mayi ake. Anayamba ndi mawu akuti, mwaulemu, funsoli lili ndi cholakwika. Anadzaza tsamba ndi theka kusonyeza kuti beta sangachepere 1, zivute zitani. Mafunso atatu enawo sanawakhudze n'komwe.

"Mwaona?" anatero a Koloko monyada. Anasolola pepala lawo mu envelopu, n'kutsegula tsamba limene linali litafewa ndi kugwiridwa. "Nayu beta. Ndi nambala yosonyeza kuti wotchi yothamanga ikutsalira motani. Chinthu chikangokhala, ndi 1. Chikathamanga, imakwera. Ingatsike bwanji kufika 0.6? Si ine ndikunena. Ndi mwini wake."

Aphunzitsiwo analandira pepalalo ndi manja awiri. Anayang'ana zapensulo za m'mphepete kwa nthawi ndithu.

"Mwalisunga bwino. Zolemba izi ndi zanu?"

"Zanga."

"Ndiye ndinu amene munamuphunzitsa." Sanafunse, anangonena. Anatenga pepala loyera n'kulembapo zilembo ziwiri. "Bambo, chimene pepala lanu limatcha beta, mabuku a masiku ano amachitcha gama. Ndi ichi, chokhala ngati phanda. Beta anamupatsa ntchito ina. Tsopano amaimira liwiro la chinthu poliyerekeza ndi liwiro la kuwala. Beta wanu satsika kupitirira 1. Wathuyu safika pa 1. Dzina ndi limodzi, koma ndi anthu awiri."

A Koloko anayang'ana zilembozo. M'chipindamo munali zii, ndipo kwa munthu wozolowera kugunda kwa mawotchi makumi anayi, bata limenelo linkasokosa m'makutu.

"Anasintha ndani?"

"Palibe anaitanitsa msonkhano. Zinasintha pang'onopang'ono, inu ndi ine tisanabadwe."

"Ndiye mwana alephere chifukwa anthu anaba chilembo cha mwini wake? Amene analemba koyamba ndi uyu. Enawa ndi akandimverere."

"Mwina ndi akandimverere. Koma mayeso amalembedwa m'chinenero cha akandimverere omwewo, ndipo anzake onse makumi asanu ndi limodzi analimva funsolo." Anawakankhira pensulo. "Tayesani inuyo. Chombo chikuthamanga magawo asanu ndi limodzi mwa magawo khumi a liwiro la kuwala. Padziko papita zaka khumi."

A Koloko sanaigwire pensuloyo. Milomo yawo inagwedezeka pang'ono, maso ali kudenga.

"Zaka zisanu ndi zitatu," anatero motsitsa.

"Mwapeza pamtima. Mwana wanu akanapeza mofulumira kuposa inu. Malikisi makumi atatu anali m'manja mwake, ndipo ankangofunika anayi okha."

Apa mpamene a Koloko anayamba kuona pamene zinalakwikira. Komabe makani satha tsiku limodzi.

"Koma zimene analembazo n'zoona."

"N'zoona, za beta wanu. Nditangowerenga mzere woyamba ndinadziwa kumene wazitenga. Ndinapita nazo kwa mnzanga amene timachonga naye, tinakambirana, koma funso losayankhidwa silipatsidwa malikisi. Taonani kuno." Anabweza masamba mpaka funso loyamba, limene linkafuna kuti wophunzira afotokoze m'mene mawotchi awiri otalikirana angagwirizanitsidwire. Pambali pake panali malikisi onse, ndi mzere wofiira pansi. "Zaka khumi ndi zisanu ndikuphunzitsa, sindinawerengepo yankho lomveka ngati ili. Enawa amaloweza. Uyu anaona mawotchiwo ndi maso. Zimenezi sanazitenge kwa ine."

A Koloko akanakonda mayiyo akanawakalipira. Kuyamikiridwa pa nthawi ngati imeneyo kunapweteka kuposa mwano.

"Inenso pepalali ndinaliwerenga," anapitiriza aphunzitsiwo, "koma nditamaliza kaye buku. Mwini wakeyu ankalembera anzake odziwa kale, pa nthawi yawo, ndi zilembo zawo. Sankalembera mtsikana amene ali ndi mayeso Lolemba. Ndinamutumizira buku ndi mnzake. Linafika?"

"Linafika."

"Anawerenga?"

A Koloko anayang'ana wotchi yakufa ija. Tsiku lina lililonse akanati batire latha, kapena aliika chozondoka, ndipo akanapempha mpando kuti akwere. Lero sanaupemphe.

Aphunzitsiwo anaona envelopu ija ili pa bondo, ngodya ya fomu itatulukira.

"Ndingaione?"

Anaipereka. Mayiyo atawerenga, nkhope yawo inasintha.

"Akachonganso, apeza zomwezi. Ochonganso sadziwa za mwendo, sadziwa za pepala lanu, amangoona funso lachinayi lopanda yankho. Fomuyi ikalowa m'bokosi lija, chaka chamawa mwana wanu sakhala m'kalasi mwanga. Wasankha ndi iyeyo?"

"Wasaina yekha."

"Sindinafunse za kusaina, bambo."

A Koloko anaweramitsa mutu. Anaona kuti chala chawo chasiya kachidindo ka mafuta pa mayeso a mwana wawo, ndipo anayesa kukapukuta ndi mkono wa jekete.

Aphunzitsiwo anatsegula dirowa ina n'kutulutsa fomu yatsopano, yosalembedwa.

"Ofesi amatseka folo koloko. Wotchi yanga musaidalire. Mukafika kunyumba mutsegule bukulo, mutu wachitatu, tsamba loyamba, pansi penipeni. Sindikuuzani zimene zili pamenepo. Paja inu simukonda za kandimverere."

M'basi yobwerera anakhala pawindo, envelopu ili pachifuwa. Munthu wina anawafunsa nthawi, iwo n'kungoyankha kuti kota pasiti wani, osafunsa kuti pa wotchi ya ndani. Njira yonse ankafunafuna wina woti amuimbe mlandu. Anayesa olemba mabuku, anayesa woyendetsa njinga yamoto uja, anayesa mphunzitsi wokalamba amene anawapatsa pepalalo. Mlandu unkangozungulira n'kubwerera pa mpando umene anakwerapo tsiku lija akuseka.

Atafika anapeza akazi awo akuyang'anira shopu, akuuza kasitomala kuti abwere mawa.

"Mwapereka?"

A Koloko anangowadutsa. Anavula jekete, anakoka mpando, anakwera, n'kupapasa pamwamba pa kabati. Bukulo linali pomwe analisiya. Fumbi linali litaphimba chikuto moti kubiriwira kwake sikunkaoneka. Analipukuta ndi nsalu yopukutira magalasi a mawotchi, n'kukhala nalo pa tebulo.

Mutu wachitatu, tsamba loyamba. Pansi penipeni panali timawu ting'onoting'ono, tosaoneka bwino ndi maso a zaka zawo. Anavala galasi lawo la diso limodzi, n'kuweramira ngati akuyang'ana m'mimba mwa wotchi. Inali mizere iwiri yokha. Inkachenjeza kuti m'zolemba zoyambirira za phunziroli, chilembo cha beta chinkaimira chimene tsopano chimatchedwa gama, ndipo wowerenga zolemba zakalezo asamale kuti asasokoneze.

Anawerenga katatu. Chenjezolo linali litagona m'shopu mwawo momwemo miyezi iwiri, pamwamba pa mitu yawo, pamene iwo ndi mwana wawo ankawerenga pansi pake akusangalala. Manyazi amene anawagwira anali oti sanawamvepo chibadwire, ndipo galasi lija linachita nthunzi.

"Bambo a Kamphindi?" Mawu a akazi awo anali atafewa. Mwambi anali nawo wokonzeka, zinkaonekeratu, koma anaumeza.

"Ali kuti?"

"Kuchipinda kwake. Sanadye."

Anamupeza atakhala pa bedi, akupinda zovala zimene zinali zopindidwa kale. Anaika bukulo pafupi naye, lotsegula, n'kuloza pansi pa tsambalo. Kamphindi anawerenga. Anawerenganso. Kenako anatseka maso.

"Zero poyinti sikisi," anatero chapansipansi. "Linali liwiro chabe."

"Linali liwiro."

"Zaka eyiti."

"Eyiti."

Kutsogolo mawotchi ankagunda, ena patsogolo, ena pambuyo, monga mwa masiku onse.

"Fomu ija sindinapereke," anatero a Koloko. Anatulutsa yatsopanoyo n'kuiika pamwamba pa bukulo. "Ndakulakwira, mwana wanga. Buku ili ndinakubisira ndine."

"Chikhakha chitachoka ndikanatha kukwera pa mpando ndekha, bambo."

"Unalekeranji?"

"Mukanandiona ndikulitsitsa." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Mumasangalala kwambiri masiku amenewo. Ndinali ndisanakuonenipo choncho."

A Koloko anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Mukudziwa chimene chikundiwawa?" anapitiriza Kamphindi. Sankakweza mawu, ndipo sankawayang'ana. "M'chipinda cha mayeso muja, nditaona 0.6, ndinasangalala. Anzanga onse ali kalikiliki kuwerengera, ine ndikumwetulira ndekha. Ndinkati ndawagwira. Tsamba lonse lija sindinkalembera aphunzitsi. Ndinkalembera inu. Ndinkaganiza za m'mene mudzasekere ndikadzakuuzani."

"Ndinasekadi."

"Munaseka. Munauza ndi a telala omwe."

Anatenga cholembera m'chikwama chake, anachonga bokosi lam'munsi, n'kusaina. Ulendo uno dzanja silinazengereze.

A Koloko anayang'ana wotchi ya pamkono. "Thu koloko yadutsa ndi mphindi khumi. Ndikakwera basi ya hafu pasiti, ndikafika nthawi ilipo."

"Ndikapereka ndekha."

"Mwendowo, masitepe aja..."

"Ofesiyo ili pansi, bambo."

Apa mpamene anaona kuti chikwama chimene chinali kuseri kwa chitseko chinali chodzaza. Kamphindi anaona kumene maso awo apita.

"Ndinalankhula ndi azakhali pa foni. Akuti ndikhoza kukhala kwawo masabata atatuwa. Ndi pafupi ndi laibulale."

"Kunonso ungawerenge. Ine sindilowererapo. Kapena madzulo tikhoza kumatsegula bukuli limodzi, iwe n'kumandiphunzitsa gama wakoyo. Ndikhala mwana wa sukulu, sinditsutsa."

Kamphindi anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwachisoni.

"Mudzatsutsa, bambo. Pofika tsamba lachiwiri mudzakhala mutapeza pamene afotokoza mopereweza, ndipo mwina mudzakhala mukunena zoona. Ine ndidzakumverani, chifukwa mukamafotokoza inu zimakoma. Mwayi wanditsalira umodzi wokha."

Sanawakanirepo chinthu pamaso zaka makumi awiri, ndipo atatero koyamba anachita mwaulemu moti panalibe pogwira. A Koloko anayang'ana kukhomo, kumene akazi awo anali ataima. Ankayembekezera thandizo.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," anatero mayiwo mofatsa. "Munyamulireni chikwama."

Anamunyamulira. Podutsa m'shopu, Kamphindi anaima pa tebulo lija. Envelopu inali pomwepo, pepala lakalelo litatulukira theka. Analigwira pakona ndi zala ziwiri, pamene panali chidindo cha chala cha bambo ake.

"Aphunzitsi ako akuti funso loyamba unaposa onse," anatero a Koloko. "Akuti sanaonepo yankho ngati limenelo. Litenge, ngati ukufuna. Sikuti uwerenge. Ungokhala nalo."

Kamphindi anaganiza kaye. Kenako analibwezera mu envelopu n'kutseka.

"Likhale kaye, bambo. Ndidzalifuna ndikakhoza."

Anamuperekeza mpaka pokwerera basi, pamalo pomwe njinga yamoto ija inamugunda. Anamukwezera chikwama, ndipo iye anakhala pawindo, buku lobiriwira lili pamiyendo, fomu ili m'kati mwa mutu wachitatu. A Koloko anafuna kumuuza kuti aziyang'ana nthawi, koma anaona kuti pamkono pake pali wotchi imene anamukonzera okha, ndipo inkayenda bwino. Basi inanyamuka.

Atabwerera anapeza mpando uli pomwe anausiya, pafupi ndi kabati. Akazi awo anafuna kuuchotsa.

"Usiyeni kaye."

Anatenga envelopu ija, anatulutsamo fomu yakale yochongedwa m'mwamba, anaing'amba pakati n'kuiponya m'bini. Kenako anakwera pa mpando ndi pepala lawo. Pamwamba pa kabati, pakati pa fumbi, panali malo oyera a ngodya zinayi pamene bukulo linagona miyezi iwiri. Anaika envelopuyo pamenepo, n'kuikankhira kukhoma kuti isamaoneke munthu akakhala pa tebulo.

"Mudzalifikira bwanji mukalifuna?" anafunsa akazi awo. "Paja mumaliwerenga Lamlungu lililonse."

"Adzatsitsa mwini wake, akakhoza mayeso."

Anatsika pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa kabati, n'kubweza mpandowo kukhitchini. Kasitomala uja anauzidwa kuti abwere mawa anali atabweranso, akusuzumira pakhomo ndi wotchi m'manja. A Koloko anavala galasi lawo, anatsegula kumbuyo kwa wotchiyo, n'kuweramira. Manja awo odekha aja anagwetsa kasikuluu kawiri. Folo koloko itakwana mawotchi onse a m'shopumo analira, ena mofulumira, ena mochedwa, ndipo iwo anaika zipangizo pansi n'kukhala akuyang'ana foni, kudikira kuti Kamphindi aimbe.